Mtolankhani wamakono safunika nsapato

Mphwanga, akuti nsapato zako zatha chidendene ndi kusaka nkhani. Ukudzizunza dala. Chibwerere ChatGPT mu Novembala 2022, mtolankhani wochenjera salimbananso ndi makondakitala pa Kulima Tower. Amapeza mpando pamalo omwera khofi ku Kabulonga, pomwe jenereta silephera, n'kumalamula makina.

Mkonzi akakutuma kuti ukamve za mtengo wa ufa kwa amayi a pamsika wa Kabwata, usanyamuke. Auze makinawo akupatse mayi wa ana anayi wodandaula. Amafika nthawi yomweyo, dzina ali nalo, zaka ali nazo, Chingerezi chake ngati cha Mfumu Charles. Mayi weniweni ndi wovuta. Ayamba wakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, akugulitse kamulu ka tomato, kenako alankhule zimene sunayembekezere, nkhani imene unaikonza kale m'mutu n'kuphwasuka. Wa m'makina satsutsa. Sadzatulukira ku ofesi atamanga chitenje m'chiuno kudzafunsa kuti mawu amenewo anawanena liti.

Usachite manyazi, ndi za azungu zomwe. Mu Meyi 2025 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inasindikiza mayina a mabuku 15 oti anthu awerenge, koma 10 mwa iwo kunalibe, ngakhale anawapachika pa alembi enieni monga Isabel Allende. Nanga iwe wa ku Chelstone ndiwe yani kuti uzitsimikiza kaye?

Akuluakulu ena adzakutopetsa ndi mfundo za ku Paris za mu Novembala 2023, zimene anakonza a Reporters Without Borders ndi komiti ya Maria Ressa: akuti nkhani ikalakwika woyankha ndi munthu, ndipo owerenga aziuzidwa pamene makina aikapo dzanja. Uziwagwedezera mutu mwaulemu. Paris ndi kutali.

Pa WhatsApp pakagwa kanema wa wandale akunena zoopsa, milomo ikutsalira m'mbuyo mwa mawu, dzanja lili ndi zala 6, usamuimbire mwiniwake. Tokitaimu yadula. Ponya pa Facebook msangamsanga anzako asanakupitirire. A iVerify, aja otsimikiza nkhani, akadzati ndi wabodza, iwe malaiki udzakhala utakolola kale, ndipo kupepesa kumakwana m'timalemba ting'onoting'ono patsamba 11.

Chimodzi chokha usaiwale: pamwamba pa nkhani uziika dzina lako, ndi zilembo zazikulu. Thukuta ndi lako.

Tsono kuyambira mu Epulo 2025 kuli malamulo atsopano a milandu ya pa intaneti. Apolisi akagogoda, uwafotokozere modekha kuti analemba ndi makina. Adzamvetsa ndithu, kungoti makinawo alibe mikono yoikapo unyolo. Ukafika ku polisi ya Woodlands unditumizire uthenga ngati nsima umaikonda ndi kapenta kapena ndi chibwabwa, ndidzabwera nayo Lamlungu.