Chikomekome cha Mkuyu Chafika pa Shelefu

Makolo amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanalowepo m'sitolo ya mabuku. Iwo ankanena za chipatso chofiira bwino, chokukopa ukadali patali, chimene ukachibenthula umapeza kuti eni ake anafika kalekale ndipo ali pa msonkhano. Mwambiwu ankalangizira anyamata othamangira nkhope pofuna banja. Lero mkuyu uja ukubereka pa shelefu, ndipo nkhuyu zake ndi mabuku a anthu otchuka.

Masiku ano munthu akangotchuka, kaya ndi mpira, kaya ndi gitala, kaya ndi kuvina pa TikTok, nthenda yoyamba kumugwira ndi yofuna kutulutsa buku. Mu 2006 Wayne Rooney, ali ndi zaka 20 zokha, anasainirana pangano ndi kampani ya HarperCollins loti atulutse mabuku asanu. Asanu! Kumudzi kuli nkhalamba zimene zinaona njala ya 1949, chitaganya, ufulu wa 1964 ndi riferendamu ya 1993, koma mukazifunsa mbiri yawo zimamaliza kufotokoza nsima isanapse. Justin Bieber ndiye sanafune n'kudikira ndevu komwe. Anatulutsa mbiri ya moyo wake mu 2010 ali ndi zaka 16, msinkhu umene anzake kuno amakhala akulimbana ndi samu za fomu 2.

Kunja kwake mabukuwa salakwika. Chithunzi cha mwini wake chadzaza chikuto chonse, mano ali mbee, dzina lalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuposa mutu wa bukulo. Kumbuyo kuli anzake otchuka akuchitira umboni kuti bukuli linawalanda tulo. Iwe umapisa m'thumba, n'kukaliika pabalaza pamalo poti mlendo aliyense alione. Nkhani imayamba tsiku limene waganiza zolitsegula.

Nyerere za m'mabukuwa zilipo mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa nyerere zakhama, zija zimasenza katundu woposa msinkhu wawo popanda wozithokoza. Amenewa ndi alembi aganyu. Wotchuka amakhala pa sofa n'kumayankhula, waganyu akujambula mawu, kenako amapita kukasandutsa macheza aja kukhala mitu ndi ndime. Buku la Prince Harry lotchedwa Spare, limene linagulidwa makope oposa 1.4 miliyoni pa tsiku loyamba lokha mu Januwale 2023, analilemba ndi mtolankhani wa ku America, J.R. Moehringer. Bambo yemweyo ndiye analembera katswiri wa tenesi Andre Agassi buku lotchedwa Open mu 2009, komanso anathandiza Phil Knight, amene anayambitsa nawo kampani ya Nike. Munthu mmodzi wakhalapo kalonga, wosewera tenesi ndi wogulitsa nsapato, osachoka pa mpando wake. Buku la Donald Trump la mu 1987, The Art of the Deal, analigwirira ntchito ndi Tony Schwartz, amene patapita zaka anadzalengeza poyera kuti akunong'oneza bondo. Naomi Campbell anatulutsa nthano yaitali yotchedwa Swan mu 1994, koma cholembera chinali m'manja mwa Caroline Upcher.

Mfumu ya onsewa ndi Charles Barkley, katswiri wa basiketibolo. Buku la mbiri yake, Outrageous, lili pafupi kutuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, iye anadandaula kuti m'bukumo amunamizira mawu amene sananene. Taganizani, munthu kukana mawu a m'buku limene pachikuto pake pali dzina lake ndi nkhope yake yomwe! Mlandu wotere ngakhale a nyakwawa angauweruze bwanji, wodandaula ndi wodandaulidwa ali munthu mmodzi?

Apa ndiye mwambi wa makolo ukufunika kuuwonjezera kamchira, chifukwa nyerere za mtundu uwu ndi zimene zimakometsa chipatso. Buku la Agassi anthu amaliyamikira mpaka lero kuti ndi limodzi mwa mabuku abwino kwambiri a zamasewera, ndipo n'chifukwa choti anapeza mlembi wodziwa ntchito. Kulemba waganyu si tchimo. Choipa n'kumutsekera kuchipinda alendo akabwera, iwe n'kumalandira wekha m'manja. William Kamkwamba wa ku Kasungu anachita zaulemu: pachikuto cha The Boy Who Harnessed the Wind, buku la mu 2009, pali dzina lake ndi la Bryan Mealer amene analemba naye. Palibe amene anasiya kumulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Mtundu wachiwiri ndi wa nyerere zoluma, ndipo umapezeka pamene wotchuka wakana thandizo n'kunena kuti alemba yekha, makamaka nthano zopeka. Woimba wa ku England, Morrissey, anatulutsa nthano yotchedwa List of the Lost mu 2015. Mphoto anapatadi, koma inali ija magazini ya Literary Review ya ku London inkapereka kwa wolemba amene wafotokoza nkhani za kuchipinda moipa kuposa anzake onse chaka chimenecho. Sean Penn, amene panthawiyo anali ndi ma Oscar awiri, anatulutsa Bob Honey Who Just Do Stuff mu 2018, ndipo ounika mabuku ambiri analisambwadza mopanda chisoni. Chimachitika n'chodziwikiratu. Wolemba wamba akapereka zolemba zake, mkonzi amazibweza zili psuu ndi inki yofiira. Koma ndi mkonzi uti angauze munthu wa ma Oscar awiri kuti bwana, ndime iyi sikumveka? Aliyense amangogwedeza mutu, maso ali pa ndalama, ndipo nyerere zimadutsa pa geti popanda wozifunsa chitupa.

Mayeso enieni ali pa nthano zazifupi. Mbiri ya moyo ili ndi pobisala, chifukwa ngakhale italembedwa mwaulesi timawerengabe pofuna kudziwa amene anakangana ndi mkulu wake kunyumba yachifumu. Nthano yaifupi ilibe miseche yotere yoti ikuwombole. Uli ndi masamba khumi basi oti ulenge munthu, umupatse vuto, ndi kutichititsa kuti timudere nkhawa. Tom Hanks analowa m'bwalo limeneli mu 2017 ndi buku la nthano 17 lotchedwa Uncommon Type. Mkuluyu amakonda kusonkhanitsa makina akale otayipira, moti m'nthano iliyonse makinawo amatulukiramo penapake, ngakhale pamene sanaitanidwe. Ounika anagawanika: ena anati nthanozo n'zofatsa ndi zokoma ngati mwini wake, ena anati n'zofatsa mpaka kuwodzeretsa. Koma analemba yekha, ndipo zina mwa izo zimawerengeka bwino. Ndiye kuti si nkhuyu iliyonse yofiira imene ili ndi alendo. Carrie Fisher ndi Postcards from the Edge ya mu 1987, ndi Steve Martin ndi Shopgirl ya mu 2000, anaonetsa kuti munthu angathe kudziwa kamera n'kudziwanso cholembera.

Tisanawaseke kwambiri otchukawa, tiyeni tidziyang'ane ife ogula. Mu Epulo 2013 ku Britain kunatuluka buku lotchedwa The Cuckoo's Calling, wolemba wake Robert Galbraith, munthu wosadziwika. Ounika analiyamikira, koma makope osindikizidwa amene anagulidwa sanapose 1,500. Mu Julayi nyuzipepala ya Sunday Times inaulula kuti Galbraith ndi J.K. Rowling, mayi wa Harry Potter uja. Nthawi yomweyo bukulo linakwera pa nambala wani pa Amazon, m'masitolo n'kutheratu. M'katimo simunasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Kwa miyezi itatu chipatso chabwinobwino chinali pamtengo anthu akuchidutsa, chifukwa sichinali chofiira mokwanira.

Kampani zosindikiza mabuku zimatidziwa bwino, n'chifukwa chake zimathamangira dzina zisanaone n'komwe zolembedwa. Ndalama zikuluzikulu zikapita kwa woimba amene sanalembepo ngakhale kalata, wolemba weniweni amatsala akutumiza nthano zake kunyuzipepala n'kumadikira Loweruka. Chonsecho ambiri a ife tikukumbukirabe Njala Bwana ya Willie Zingani ndi Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, pamene eni akewo tikanakhala nawo mpando umodzi mu minibasi sitikanawazindikira.

Choncho mukadzaona buku lonyezimira la katswiri amene mumamukonda, musathamangire kulipira. Phimbani dzinalo ndi chikhatho, tsegulani pakati, muwerenge masamba awiri muli chiimire. Kenako pitani kumapeto, pa tsamba lothokoza, mufufuze munthu amene akumuyamikira kuti anathandiza kusanja maganizo, pakuti kawirikawiri wolemba ndi ameneyo. Mtima ukafuna tsamba lachitatu, gulani, ndipo dzina la waganyuyo mulisunge. Ukakana, bwezani bukulo mwaulemu, ndalamayo mukagulire buku la wolemba wosatchuka amene anakhala pansi n'kulemba yekha.