Agoloboyi awiri, golo limodzi: nkhani yavuta pa Boma

Sabata ino pa Lundazi anthu aiwala mtengo wa feteleza. Nkhani ili m'kamwa ndi ya mphunzitsi wa timu ya sukulu ina kuno, yemwe wapezeka ndi agoloboyi awiri aluso mofanana. Wina ndi wamtali, mipira yam'mwamba amatola ngati mango. Mnzake ndi wamfupi, koma pansi amagwa ngati mphaka. Aphunzitsi aganiza zowasinthanitsa: Loweruka lino uyu, Loweruka linalo uyo. Apo ndiye pautsa mapiri pachigwa.

Ndinayambira kometetsa pafupi ndi msika. Wometa anazimitsa makina, mutu wanga uli wometedwa mbali imodzi, kuti alongosole bwino. Akuti golo ndi mpando waufumu, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi. Umboni wake ndi wa chikho cha Africa cha 2012: Hervé Renard anaika Kennedy Mweene pagolo mpikisano wonse osamusuntha. Pa 12 February, mu fainolo ku Libreville, mphindi 120 zitatha popanda chigoli, Mweene anamenya yekha penate n'kumwetsa, kenako anagwira ya Kolo Touré, Stoppila Sunzu n'kumaliza ntchito. Zambia 8, Ivory Coast 7. "Akanamusinthasintha, chikho chija bwenzi tikuchionera pa TV ya eni!" anatero, ndipo odikira pabenchi anaomba m'manja.

Pa siteshoni ya mabasi opita ku Chipata, anyamata a njinga zonyamula anthu anakana m'maso muli gwa. Mmodzi wovala malaya a Barcelona otuwa ndi fumbi anawerengera pa zala: mu 2014 mpaka 2015 Claudio Bravo ankagwira mu ligi, Marc-André ter Stegen mu Champions League ndi Copa del Rey, ndipo zikho zonse zitatu zinalowa m'nyumba. Mnzake anawonjezera za Louis van Gaal, amene mu World Cup ya 2014 anatulutsa Jasper Cillessen nthawi ya mapenate ili pafupi, n'kulowetsa Tim Krul, iye n'kugwira awiri a Costa Rica. Mkangano unakoma mpaka mayi wina wa thumba la mtedza anachita kukoka njinga yekha kuti amunyamule.

Okonda Arsenal, omwe kuno ndi ambiri ngati nyerere pa shuga, amalankhula ngati anthu amene anapsapo. Mu 2023 Mikel Arteta anabweretsa David Raya pomwe Aaron Ramsdale anali atakhazikika, n'kunena kuti onse awiri ali ndi mwayi. Posakhalitsa golo linakhala la Raya, ndipo chaka chotsatira Ramsdale analongedza ulendo wa ku Southampton. Kwa iwo kusinthanitsa ndi mawu ongonyengerera mwana asanamulande chidole.

Amayi ogulitsa zitumbuwa pageti la msika sanafune mayina a kunja. Mmodzi, akutembenuza zitumbuwa m'mafuta, anangoti: "Bambo, mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wosadziwa ngati mawa asewera, tulo sagona." Mnzake, yemwe wamfupi uja ndi mwana wa achemwali ake, anayankha kuti onsewo makolo awo amagula yunifolomu, ndiye asakhale wina wongonyamula madzi. Anasekana, n'kupatsana chenje, nkhani osaithetsa.

Madzulo, pa njira yotsikira ku Castle Hotel, ndinakumana ndi agogo amene anasewerapo kumbuyo masiku awo. Iwo anakumbutsa kuti Mweene yemweyo, atapita ku Mamelodi Sundowns mu 2013, anakhala zaka zambiri akugawana ntchito ndi Denis Onyango wa ku Uganda, nthawi zambiri ali pabenchi, koma akaitanidwa ankalowa wokonzeka, ndipo kwathu anasewerera Chipolopolo masewera oposa 120. Anati otchinga kumbuyo amazolowera mawu a munthu mmodzi. Uyu akakuwa kuti "yanga!" amatulukadi, winayo amadikira pamzere, ukawasintha sabata iliyonse, mpira wapakona umagwera pakati, aliyense akuyang'ana mnzake.

Ine ndaima ndi agogowa, ndipo ndikunena mochokera pansi pa mtima chifukwa ana awiriwa ndi athu tonse. Aphunzitsi, sankhani woyamba ndipo mumuuze pamaso pa timu yonse. Wachiwiri mumupatse mpikisano wakewake, ngati anachitira a Barcelona, adziwe tsiku lake kudakali kutali n'kumakonzekera. Chomwe chimapha mwana si benchi ayi, koma kusadziwa pomwe waima. Mukatero, Loweruka tidzabwera tonse ku bwalo, wometa, a njinga ndi amayi a zitumbuwa, kudzachemerera aliyense amene wavala magolovu tsikulo.