Pali Munthu

Mayi wina wa m'gulu lathu la chilimba wandipsetsa mtima, ndipo wachita kukandipsetsera ku Livingstone, makilomita oposa 500 kuchokera kwathu ku Chongwe. Tinapita kukaona mathithi, koma wotitsogolera anatipatutsira kaye ku Railway Museum, pamalo pomwe kampani ya Zambezi Sawmills inkasungira ndi kukonzera masitima ake. Masitima a malasha ali ndandanda pabwalo, padzuwa, ena dzimbiri litawadya. Ena mwa iwo ndiwo ankakoka mitengo ya mukusi kuchokera kunkhalango za ku Mulobezi.

Ife a ku Chongwe njanji tilibe. Timaidziwa poilumpha pa Kamwala tikapita kukaoda salaula. Chomwe tinakulira ndi minibasi ya pa Great East Road, ndipo khalidwe lake tinapita nalo lonse. Wofotokoza mbiri atangoti tikhoza kulowa m'ngolo ina ya apaulendo, anthu anaunjikana pakhomo, zigongono zikugwira ntchito. Agogo ena analowetsa mdzukulu pawindo kuti akagwire malo. Ngolotu yosalumikizidwa ku china chilichonse, udzu utamera pakati pa mawilo.

Ndinalowa, n'kuona mpando wabwino wa pawindo, koma pali chitenje choyala.

"Pali munthu," anatero mayiyo.

Wotsatira panali botolo la maheu. Pali munthu. Wina panali nsapato imodzi ya mwana. Pali munthu. Wina chitsononkho cha chimanga chootcha, chokukuta kale. Pamenepo ndiye anachita kunditambasulira mkono ngati wapolisi wapamsewu.

"Amayi, anthuwa ali kuti?"

"Akubwera."

"Nanga sitimayi ikupita kuti?"

"Bambo, musandiphunzitse. Ndinayamba kufika ndine."

Ndinaima chilili m'kanjira, nditagwira chitsulo, m'sitima yoti inasiya kuyenda ana anga asanabadwe. Mlatho wa pamathithi aja, womwe unatsegulidwa mu 1905, amisiri anaumanga m'miyezi 14 yokha. Mwini chitsononkho tikanamudikira kuposa pamenepo.

Mayiyu sali yekha. Boma lathu lonse ladzaza anthu osaoneka. Mtsinje wa Chongwe ukaphwa, pitani pamjigo m'bandakucha: zigubu makumi awiri zili pamzere, eni ake akuliza mkonono kunyumba. Kuchipatala mwala umafika 4 koloko, wodwala amafika 9 koloko atasamba, atadzola, n'kukuuzani kuti musunthe. Kutchalitchi buku la nyimbo limapemphera pabenchi yakutsogolo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo itakhala pakhonde. Ndipo wochotsa chitenje ndiye amatchedwa wamwano! Amakunenani mpaka kumsika, ati wophunzira uja alibe ulemu. Nsalu ya mamita awiri ili ndi ufulu woposa wa munthu wa msana wopweteka, ndipo nthawi zonse ndi amayi omwewa, a mawu okweza omwewa, amenenso pa chilimba amachedwa kusonkha.

Loweruka tinali pamaliro kumudzi wina chakufupi ndi Chalimbana. Kumanda dzuwa linali loswa mtengo, mthunzi wochepa. Ndinamuona mayi uja akuthamangira kamtunda kena pansi pa mtengo, chitenje chili m'manja, wokonzeka kuyala. Mkulu wa adzukulu anamugwira paphewa mwaulemu wonse.

"Pepani amayi, pali munthu."