Tonse Tasanduka Ojambula

Pamene Steven Sasson, mmisiri wa kampani ya Kodak ku America, anapanga kamera yoyamba ya dijito, yosalira filimu, m'chaka cha 1975, chinthu cholemera makilogalamu oposa atatu chimene chinkatha masekondi 23 posunga chithunzi chimodzi pa kaseti, sakadalota kuti zidzukulu za chipangizo chakecho zidzagona m'matumba a anthu onse opita ku maukwati m'tauni muno, ngakhalenso kuti Kodak yemweyo adzagwada ndi ngongole m'chaka cha 2012. Tsono popeza dzanja lililonse lagwira kamera, nkoyenera kufunsa mofatsa ngati luso lojambula lachuluka pamodzi ndi makamerawo.

Akuluakulu akukumbukira wojambula wa makedzana, amene ankafika pa njinga, kamera ili m'khosi, ndipo pakuti filimu yake inkatha pa zithunzi 36 zokha, chilichonse cholipiridwa, sankadina batani mwachisawawa. Ankayamba waika aatali kumbuyo ndi ana pansi, nasuntha banja lonse kufikira kuwala kutagwa bwino pankhope, nadikira kuti wakhanda aleke kulira ndi agogo aleke kuphethira. Pakuti iye ankadziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pambuyo pake eni ake ankayembekeza masiku ambiri kuti zithunzi zitsukidwe, ndipo zikabwera zinkakhazikidwa mwaulemu m'kabati ya magalasi.

Koma taonani ukwati wa masiku ano. Mkwatibwi akangoponda pakhomo la tchalitchi, mpingo wonse umaimirira, ndipo mlendo angayese kuti ndi ulemu, pamene anthuwo akungofuna pokwezera mafoni awo. Amalume a mkwati ajambula mwambo wonse chala chawo chachikulu chitaphimba theka la galasi. Azakhali aimika akwati kutsogolo kwa zenera lowala, kotero kuti patuluka mithunzi iwiri yakuda yogwirana manja. Mnyamata wa kwaya wadula mutu wa abusa, koma nsapato zawo wazitenga bwino lomwe. Wojambula wolembedwa ganyu, amene komiti ya ukwati inamulipira ndalama zankhaninkhani, abwerera kwawo ndi nkhongo za ojambula anzake odzipereka.

Pa perekaniperekani ndiye zimanyanya. Bambo wolemekezeka aponya ndalama yake m'lichero, ndipo mphwake afuula kuti, “Taitoleni muponyenso, amalume, sizinaoneke!” Bamboyo, mopanda manyazi, aitoladi naiponyanso pang'onopang'ono, nkhope ataitembenuzira ku foni. Usiku womwewo zithunzi zonse, zabwino ndi zosaoneka zomwe, zikhuthulidwa m'gulu la banja pa WhatsApp, ndipo Loweruka lotsatira foni ikadandaula kuti yadzaza, ukwati wonsewo ufufutidwa kuti chinkhoswe cha wina chipeze malo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tisainamizire kamera yatsopanoyi, pakuti imayeza yokha kuwala, imapeza yokha nkhope, ndipo imaonetsa cholakwa nthawi yomweyo, kotero kuti wofuna kuphunzira angaphunzire msanga popanda kulipira filimu. Chimene sichigulitsidwa pamodzi ndi foni ndicho kudziwa poima, nthawi yodina, ndi choyenera kusiya kunja kwa chithunzi. Ndipo ife tikasuzumira pa foniyo sitiyang'ana kuwala, timayang'ana ngati mimba yathu yatuluka. Indetu amene apita patsogolo ndi ojambulidwa. Mayi amene kale ankaima chilili, manja ali m'mbali, tsopano akudziwa tsaya lake labwino, akudziwa popinda khosi, ndipo salola wojambula kuchoka asananene kuti, “Tione kaye. Iyayi, fufutani, ndaoneka wodwala.”

Chifukwa chake ndikupempha ankhoswe ndi makomiti a maukwati kuti alingalire mankhwala awa: aliyense wokweza foni aziponya K500 m'lichero pa chithunzi chilichonse chimene wajambula. Pamenepo tidzaona amalume akuchotsa chala pagalasi, azakhali akufunsa kumene dzuwa lili, mpingo ukukhala pansi kuti umve ulaliki; ndipo akwati, ngakhale zithunzi zitaipabe, adzapeza ndalama ya lendi ya mwezi woyamba.