Dzuwa la pabampala

Land Cruiser ndi Hilux anazipangira misewu ngati uja wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, kapena wa ku Chelinda pa Nyika, komwe usiku ungapeze mbidzi itaima pakati panjira. Kumeneko nyali zowonjezera n'zofunikadi. Koma zambiri mwa galimoto zimene zavala mikwamba ya nyali za LED masiku ano, ulendo wake wautali ndi wochokera ku Area 43 kukafika ku Bwandilo, ndipo matope okha amene matayala ake amadziwa ndi a kotsukitsa galimoto.

Nkhani imayambira musitolo. Katoni ya nyaliyo ili ndi chithunzi cha chipululu, ndipo pambali alembapo 300W ndi zilembo zikuluzikulu. Mtengo wake sufika ngakhale wa tayala limodzi.

"Bwana, iyi mukayatsa, atambala amalira," akutero wogulitsa.

Abwana sanenerera n'komwe. Kunenerera akayambira ku Biwi, pamene makaniko wawauza kuti pakufunika waya wonenepa, fyuzi ndi relay.

"Fyuzi yachiyaninso? Mukufuna kundibera? Lumikizani basi, achimwene."

Makaniko sakangana ndi munthu wa Prado. Asenda waya ndi mano, apota, akulunga tepi, nalandira yake. Masamu akuwadziwa bwino: batire ndi ya mavoti 12, ndiye nyali ikanakhaladi ya mawati 300 ikanakoka maampu 25, ndipo kawaya kowonda kaja kakanasungunuka abwana asanatuluke pageti. Chimene chimapulumutsa galimoto zambiri m'tauni muno kuti zisapse ndi bodza la pakatoni.

Tsono kukada. Babu wamba wa galimoto ndi wa mawati 55, ndipo analeredwa bwino. Ukaika dimu amaweramitsa maso pansi, napendekera kumanzere, chifukwa galimoto zathu zambiri n'zochokera ku Japan komwe amayenda kumanzere ngati ife. Mkwamba wa pabampala ulibe mwambo umenewo. Dimu suidziwa. Umawalira phula, mitengo, malata ndi maso a aliyense mofanana.

Woyamba kulawa ndi wakabaza. Wanyamula mayi ndi thumba la makala, akuzemba maenje amene anawaloweza pamtima, mwadzidzidzi kutsogolo kwayera mbuu. Akamatsegula maso ali mungalande, mayi aja akufunsa komwe kwagwera nsapato yawo. Dalaivala wa minibasi ndiye sagonja. Aphethira kamodzi, kupempha mwaulemu. Aphethira kawiri. Kenako ayatsa fulu ya nyali yake imodzi yomwe imagwira ntchito, kondakitala natulutsa mutu pawindo kutchula mtundu wonse wa abwana. Abwana ayankha ndi tinyali tiwiri tina tapadenga timene amasungira anthu amwano. Kwa kamphindi galimoto ziwiri zimapitirirana madalaivala onse atathobwa m'maso, aliyense akukhulupirira kuti wapambana.

Zina zimene nyalizi zimaulula si zapamsewu. Bambo amene anatsanzika kuti akupita kumsonkhano wa mpingo amapezeka pachiwaya, ndodo ya kanyenya m'manja, pambali pali munthu amene sali pamndandanda wa akhristu a mpingowo. Mumdima akanadutsika bwinobwino. Koma neba wangokhota ndi dzuwa lake, msika wonse waona.

Mukawafunsa, eni ake ali ndi yankho limodzi: "Kumudzi, achimwene. Njira yakwathu n'njoipa." Kumudziko anapitako komaliza pa chisankho cha 2019, masana, pagalimoto yaboma.

Mvula yoyamba ikagwa madzi amalowa m'kati mwa galasi, timababu tina n'kufa, mkwamba n'kutsala ngati mano a mwana wa Sitandade 1. Abwana sachotsa. Munthu sachotsa udindo chifukwa wanyowa.

Tsiku laulemerero limabwera pamaliro. Magetsi azima, kwaya ikufufuza manambala m'buku la nyimbo ndi matochi a pafoni, ndiye mkulu wa mpingo ayandikira.

"Bwana, mungatithandizeko ndi nyali zija?"

Abwana adzuka pang'onopang'ono, kuti aliyense aone makiyi. Atembenuza galimoto, akanikiza batani, siwa yonse ngwee. Amayi akoka zitenje kuphimba nkhope, amene amasinza pambali pa moto adzidzimuka, ndipo wolengeza zopepesa atchula dzina la abwana kawiri. Injini ndiye azimitsa, chifukwa mafuta adula, komanso dizilo sangapikisane ndi kwaya.

M'bandakucha akuti alize. Galimoto ingoti tha, tha, tha.

Anyamata adzukulu, amene akuyembekezera kukakumba manda, avula malaya n'kuyamba kukankha. Akankha mpaka pachigayo, abwerera, akankhanso. Paulendo wachitatu m'pamene mmodzi wasuzumira m'kati, n'kuona kuti giya yake ndi ya otomatiki, yosalira ndi kukankha ngakhale mutaitana mudzi wonse.

Pafika mphunzitsi wina wopuma pantchito ndi ka Vitz kake, nyali yakumanja yomangidwa ndi selotepi. Atsika, atsegula buti, atulutsa mawaya ojampira.

"Tsegulani boneti, mwana wanga. Koma muyambe mwazimitsa zapabampalazo, batire yangayi n'njaing'ono."