Nduna ya zachuma ya m'kachipinda ka ku Diepsloot

M'mutu mwanga mumakhala ndalama za mayiko awiri, ndipo ndimasankha yowerengera malinga ndi tsiku. Tsiku la malipiro ndimawerenga m'makwacha: foni ikangolira kuti zalowa, ndimachulukitsa ndi 100, mapewa n'kukwera okha. Tsiku logula zinthu ndimawerenga m'marandi, chifukwa chinthu cha R20 chimalowa bwino m'khutu kuposa cha K2,000. Mayi a kunyumba amati matenda amenewa ngakhale ku chipatala cha Baragwanath alibe mankhwala ake.

Boma la South Africa lidakhazikitsa malipiro otsikitsitsa pa 1 January 2019, R20 pa ola. Ife ogwira m'nyumba ndi m'maluwa mwa mabwana, komwe Amalawi tadzadzako, adatiyambitsa pa R15, n'kudzatifananitsa ndi anzathu mu 2022. Pa 1 March 2025 ndalamayi idafika pa R28.79. Pa mtengo umenewo, mukagwira maola 8 kwa masiku 21, mwezi unkatha ndi R4,836, ngati bwana ndi wotsata lamulo, poti ambiri akaona kuti mapepala ako ndi okayikitsa lamulolo amaliiwala. Kwathu chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa adawaika pa K126,000 pamwezi. Ikani ziwirizi pamodzi muone ngati munthu sangapenge.

Ine ndidapenga mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Ndidamva ngati andikweza pantchito chonsecho ndikadali ndi sizasi yomweyo yometera mpanda. Lamlungu lake ndidavala jekete, n'kukajambulitsa pa chiboliboli cha Mandela ku Sandton, dzanja limodzi m'thumba, n'kuponya pa WhatsApp. M'thumbamo munali ya takisi yobwerera basi. Dzuwa lisanalowe amalume anali atakumbukira kuti ndine mphwawo ndipo feteleza wakwera, achemwali anatumiza kalata ya fizi, a kumpingo anandiika m'komiti ya malata. Ndikanakana bwanji nditaima pafupi ndi Mandela? Lolemba ndinali pa Mukuru kutumiza ndalama.

Kuno randi sichulukitsidwa ndi 100. Bungwe la Pietermaritzburg Economic Justice and Dignity limayendera mitengo ya zakudya 44 mwezi ndi mwezi, ku Soweto, Alexandra, Tembisa ndi Hillbrow komwe, ndipo mu 2025 dengu la banja la anthu 7 linkapitirira R5,000. Ndiye kuti malipiro onse a mwezi sankakwana chakudya chokha, usanalipire lendi, usanakwere takisi, usanagule magetsi. Ife tilipo anayi, koma mwana wathu wamkulu amadyera atatu. Ufa wa White Star umatsika m'thumba ukuuona. Sopo wobiriwira uja mayi a kunyumba amamudula ndi mpeni m'magawo, kagawo kotsala n'kukamata pa katsopano. Kabichi tamudya mpaka tayamba kupatsana moni, ndipo Lamlungu timasangalala ndi mapazi ndi mitu ya nkhuku, ana n'kumalimbirana chala chachikulu.

Nditaona kuti zinthu zathina, ndidaitanitsa msonkhano wa banja, n'kudziika ndekha kukhala nduna ya zachuma. Ndidakhala pa ndowa yovundikira, kope m'manja. Nyama ya ng'ombe: yaimitsidwa. Kumangitsa tsitsi: kamodzi pakapita miyezi. Intaneti ya ana: yatsekedwa. Ketulo asamaiwiritse kawiri chifukwa cha munthu mmodzi wochedwa kudzuka. Ndidalankhula bwino kwambiri, mpaka ndidatchulako mawu akuti kudzimana. Mayi a kunyumba adangoti, "Tamva, bambo," akusankha nyemba.

Vuto la nduna ndi loti siichapa yokha thalauza. Loweruka lina mayi adandiitana mwaulemu woopsa, ndipo pabedi panali patayalidwa umboni wochoka m'matumba mwanga, atauwongola bwinobwino. Kalisiti ka tchipisi ndi nkhuku yokazinga ka tsiku lomwe ndidafika kunyumba ndikuti m'mimba simuli bwino, sindidya kabichi. Timapepala tobetchera mpira, momwe timu imodzi yokha ndiyo inkandilakwira nthawi zonse. Ndi kalisiti ka nsapato zoyera za ku Small Street, zomwe ndinkasungitsa kwa mnzanga n'kumakavalira konko ngati wakuba.

"Bambo, nsapatozi zili mu bajeti iti?"

"Zinali pa sipeshalo, mayi."

"Nanga tsitsi langali silikhala pa sipeshalo?"

Ana anali pakhomo, ndipo wamng'onoyo adafunsa ngati nkhukuyo inali ya mapazi kapena yeniyeni.

Agogo anga adabwera ku Joni kuno pa Wenela, kukakumba golide, ndipo adabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yachitsulo. Ndinkaganiza kuti anali munthu wodziletsa kuposa ine, koma chinsinsi chake n'chakuti gawo la malipiro awo sankaliona n'komwe: ankawasungira, n'kukawapatsira kwathu kontalakiti ikatha. Lero Wenela wanga amagona mbali ya kukhoma. Khadi la kubanki lili m'kachikwama kawo, nambala yachinsinsi adaisintha, ndipo m'mawa uliwonse ndimapeza ya takisi yopita ndi yobwerera ili pansi pa kapu, yowerengedwa mpaka senti. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pomwe nduna idachotsedwa, ufa ukufika mpaka pa 25 mwezi uliwonse, ndipo mwezi watha tidadya ng'ombe.

Kumudzi nkhaniyi sinafike. Amalume akaimba za feteleza, ndimatsokomola kaye, n'kuyankha ndi mawu a munthu wa ku Sandton kuti, "Amalume, dikirani ndilankhule ndi a kubanki." Kenako ndimaphimba foni ndi dzanja n'kutembenukira kwa mayi, omwe amapukusa mutu osasiya kuvundula nsima.

"A kubanki akuti netiweki yavuta, amalume. Tiyesenso mwezi wamawa."