Khasu Lobwereka la Otolera Makobidi a Aroma

Khobidi la Aroma lopanda nambala ndi kachitsulo kakale chabe. Likapeza nambala limasanduka katundu. Wogulitsa wa ku London akalemba kuti RIC 26 pansi pa dinari ya Tiberius, wogula wa ku Munich amadziwiratu kuti kuseri kwake kuli mayi wokhala pampando, ndiponso kuti linasulidwa ku Lugdunum, komwe lero ndi Lyon. Nambalayo imachokera m'buku la Roman Imperial Coinage, lomwe Harold Mattingly wa ku British Museum ndi mbusa Edward Sydenham anayamba kutulutsa mu 1923 kudzera ku kampani ya Spink. Gawo la 10 linatuluka mu 1994, onse awiri atatsikira kale kulichete. Kwa wotolera makobidi akale bukuli ndiye khasu, koma ndi lodula, ndipo magawo ena amasowa m'masitolo kwa zaka. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya mundawu ikulimidwa ndi makasu obwereka.

Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo amene anabwezapo mpini wong'aluka kwa mnansi, maso ali pansi, sangatsutse. Koma akuluakuluwo sanaone PDF. Ili ndi khasu lomwe mwiniwake amabwereketsa mudzi wonse tsiku limodzi, iye n'kukhalabe nalo m'manja. Silichita dzimbiri, chiswe sichidya mpini wake, ndipo palibe mwana wotumidwa mbandakucha kudzanena kuti abambo akulifuna. Mu Seputembala 2024 nkhani inafika posokoneza: khoti la apilo ku New York linagamula kuti Internet Archive, yomwe inkajambula mabuku n'kumawabwereketsa kwa munthu mmodzi pa nthawi ngati laibulale, inkaphwanya umwini wa Hachette ndi makampani ena atatu. Linathyoka ndi khasu lobwerekedwa mwaulemu, lodzabwezedwa pa tsiku lake. Lakuba likulimabe.

Sikuti buku lililonse la pa intaneti ndi lakuba. Ku Britain ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya umwini umatha pakapita zaka 70 wolemba atamwalira, choncho mabuku a m'ma 1800 ali ngati mango a m'mbali mwa msewu. Magawo 8 a Henry Cohen, omwe anasindikizidwa kachiwiri m'Chifalansa pakati pa 1880 ndi 1892, aliyense akhoza kutola. Chimodzimodzinso Historia Numorum ya Barclay Head, ya makobidi a Agiriki. Awa ndi akambwiri: amalima ndithu, koma pang'onopang'ono. Cohen anasanja makobidi a mfumu iliyonse potsata zilembo zoyamba za mawu a kuseri, osati zaka, ndipo mitengo anailemba m'mafuranki, ndalama zomwe nazonso lero zikutoleredwa ngati zakale. Palinso makasu omwe eni ake anawasiya dala pakhomo. Online Coins of the Roman Empire, ya American Numismatic Society ndi New York University, ili ndi mitundu ya makobidi yoposa 40,000, kuyambira pa Augustus mpaka pa Zeno yemwe anamwalira mu 491, pamodzi ndi zithunzi zochokera m'nyumba zosungira zakale. Ku Oxford, Ashmolean Museum imasunga Roman Provincial Coinage Online. Zonsezi n'zaulere. Zimangosowa mikangano ya akatswiri yolembedwa kumayambiriro ndi m'munsi mwa masamba, ndipo mpatawu ndi umene akuba amalowerapo.

Amalimbana ndi mabuku omwe eni ake akadali ndi umwini: Roman Republican Coinage ya Michael Crawford ya 1974, mabuku a mitengo a David Sear, ndi magawo a RIC okonzedwanso. Apa ndi pomwe mwambi uja umayamba kubwezera. Khasu lotere limathyokera pa zithunzi. Dinari ndi kakang'ono ngati batani la jekete, ndipo m'buku kamajambulidwa pa msinkhu wake weniweni. Wakuba woyamba amakhala pa changu, amatchera makina pa zakuda ndi zoyera zokha, mfumu n'kusanduka dontho la inki, chala chake chachikulu n'kuoneka bwino kuposa mfumuyo. Wachiwiri amachepetsa fayilo kuti idutse pa foni. Wachitatu amadinda dzina lake pa tsamba lililonse, poopa kuti angamubere. Pofika kwa wachinayi, Nero wa khosi lonenepa ndi Nerva wa mphuno yokhota ngati mlomo wa nkhwazi amafanana ngati mapasa, pakuti onse ndi matope.

Chodabwitsa n'chakuti matendawa afotokozedwa kale m'maphunziro omwewa. Cha m'ma 270, ku Gaul ndi ku Britain kunasowa tchenji, anthu n'kuyamba kudzisulira okha makobidi potengera a mfumu Tetricus. Ena anakopera zokoperazo, enanso n'kukopera zimenezo. Khobidi linkachepa mbadwo uliwonse, zilembo zinasanduka timizere ta munthu wosadziwa kuwerenga, nkhope inatha, n'kutsala nsonga za chisoti chachifumu zokha. Wophunzira amene akuyang'ana khobidi lenileni la Tetricus mu PDF yodutsa m'manja anayi akuona ndendende zimene wosula wa kumidzi uja ankatulutsa, kungoti uja anali ndi chifukwa: ankafuna kugulira buledi.

Kuthyoka kwina n'kobisika. Nambala zimasintha buku likakonzedwanso. Dinari ya Tiberius ija, yomwe ambiri amati ndi imene anaonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho, ndi 16 kwa Cohen ndi 3 mu RIC ya 1923, koma C. H. V. Sutherland atakonzanso gawo loyamba mu 1984 inagawikana kukhala 26, 28 ndi 30. Dinari ya Vespasian yonyadira kugonjetsedwa kwa Judaea inali 15, koma mu 2007 Ian Carradice ndi Theodore Buttrey anaiika pa 2. Mu 2019 Richard Abdy anasanjanso makobidi onse a Hadrian. PDF yakale siimva zimenezi. Imangolima mzere wa agogo, wogulitsa n'kulemba nambala yakufa, wogula n'kutsegula buku latsopano n'kupeza khobidi lina, mkangano n'kubuka pakati pa anthu awiri omwe onse akunena zoona.

Wotolera makobidi ndi munthu wodana ndi chinyengo kuposa woweruza milandu. Amayeza kulemera kwa khobidi pa sikelo ya osula golide, amanyoza dinari yamkuwa yokutidwa siliva, amafunsa kuti linachokera kwa yani ndi liti. Koma buku lomwe akutsimikizira nalo zonsezi salifunsa kwawo. Wophunzira wa kutali ndi laibulale, amene mtengo wa gawo limodzi ungamudyere ndalama ya lendi, ndi womvetsetseka. Bwana wogula khobidi lagolide n'kumaumira pa mtengo wa buku alibe pothawira. Kukonzanso gawo limodzi kumadya zaka za munthu, akuyendayenda m'zipinda za makobidi za mayiko osiyanasiyana, pomwe ogula ake ndi owerengeka. Gawo la 5, lomwe Percy Webb anatulutsa mu 1927 ndi 1933, linakhala zaka makumi ambiri aliyense akulidandaula kuti latha ntchito, wolikonza osaoneka.

Akatswiri amadziteteza ndi kachizindikiro kakang'ono. Amalemba RIC I², ka 2 kali pamwamba, kusonyeza kuti nambala ndi ya buku losindikizidwa kachiwiri. Mwini PDF akafuna kudziwa ngati ka 2 kameneka kakumukhudza, ayenera kuona chaka pa tsamba loyamba la buku lake. Tsamba limenelo ndi lomwe wojambula wachangu amakonda kulumpha, poti palibe khobidi.